A Tsitsani ndi Galimoto Imene Anaikana

Abusa, akulu a mpingo, achibale a mbali zonse ziwiri, anansi, ndi inu madalaivala mwaima kumbuyoko, zikomo pobwera. Iyi ndi mbiri ya amuna anga, bambo a ana anga, amene tonse timawadziwa kuti a Tsitsani. Ndalemba ndekha ndipo ndiwerenga ndekha. Ndikanapatsa ana akanadumpha malo ena chifukwa cha manyazi, pomwe malo amenewo ndi amene ndikuwafuna kwambiri.

Ndiyambe ndi zimene zikunong'onedwa, kuti timvane. Ambiri a inu munamva malemu atalumbira kuti galimoto ya mzime wathu, uyu mumamutchula Masana, isadzawanyamule ali moyo kapena atamwalira. Lero mwaona bokosi likutsika m'galimoto yomweyo. Alongo awo a malemu, alamu anga awiri akhala apawa, chifikireni sanampatse moni mwanayu, ati taphwanya mawu a munthu wakufa. Ine sindikangana pamanda. Ndiwerenga mbiri mwadongosolo, ndipo ndikafika pamenepo mudzimvera nokha. Amene muli ndi chifuwa khosomolerani panopa, ndisadzabwereze.

A Tsitsani anabadwa m'chaka cha 1948, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa galaja kumene bambo awo ankagwira ntchito yaulonda. Anali mwana wachiwiri, mwamuna yekhayo pakati pa atsikana anayi. Amayi awo ankati mwanayu anayamba kukwawa molunjika ku matayala, ndipo sopo wa m'nyumbamo ankathera pa iye yekha chifukwa cha girizi.

Sukulu anayamba mochedwa n'kuisiya msanga. Zenera la kalasi yawo linayang'ana kumsewu, ndiye lole ikadutsa mutu unkatembenuka wokha. Aphunzitsi anawasamutsira kukhoma lopanda zenera, koma sizinathandize, chifukwa malole onse ankawadziwa ndi kulira kwa injini. Atadziwa kuwerenga zikwangwani ndi kulemba kalata yoti munthu n'kuimva, anati zakwana. Pamenepa sindingawanene, chifukwa ine ndinasiya ndisanafike pomwe iwo anasiyira.

Ntchito yawo yoyamba inali yotsuka magalimoto pagalaja pomwepo. Atakula pang'ono anatengedwa ndi dalaivala wina wa lole kuti azimuthandiza kumanga katundu ndi kusintha matayala. Dalaivalayo anali munthu wabwino, koma wosafuna kugonja. Tsiku lina kutangoda, atanyamula zitini za penti, iwo atakhala kumbuyo pamwamba pa katundu, anakumana ndi lole ina ikubwera ndi nyale zokweza, zija madalaivala amati fulu. Dalaivala uja anaphethira kupempha mnzakeyo kuti atsitse, mnzakeyo osatsitsa. Basi nayenso anakweza zake, ati tione amene ayambe kulira. Onse awiri anasanduka akhungu, ndipo panalibe amene anaona ngolo yothyoka gudumu imene inaima m'mphepete mwa msewu. Lole inakhula ngoloyo n'kukagona chammbali m'ngalande. A Tsitsani anatulukamo mano awiri akutsogolo palibe, thupi lonse lili buluu ndi penti, moti atafika kunyumba amayi awo anathawira kwa aneba. Nkhaniyi ankaikamba akuseka, koma akafika pa dalaivala uja ankasiya kuseka, chifukwa munthuyo sanayendenso popanda ndodo.

Atapeza chiphaso chawo choyendetsera, anayamba kachitidwe kamene kanawapatsa dzina. Akakumana ndi galimoto yosatsitsa nyale, iwo sankabwezera. Ankachepetsa liwiro, maso n'kuloza m'mphepete mwa msewu mbali yawo, kenako n'kukuwa ndi mawu onse kuti, "Tsitsani!" Wokuwiridwayo sankamva kanthu, poti ali m'galimoto ina ndipo wadutsa kale. Amene ankamva ndi amene wakhala pambali pawo. Khutu langa ili silimva bwino mpaka lero, ndipo adokotala akandifunsa chinayambitsa ndimawauza zoona.

Tinadziwana pamsewu. Ine ndinkagulitsa nthochi ndi mazira owiritsa pamphambano, madzulo, ndi kanyale kanga ka mafuta patebulo. Malole onse ankatiwalitsa kumaso ngati akufuna mbava, moti akadutsa sunkaona ngakhale kasitomala amene waima patsogolo pako. Koma panali lole imodzi imene ikayandikira, nyale zake zinkagwa pansi. Ine ndinkati batire yake ndi yakutha. Tsiku limene inaima, ndinamuuza dalaivala wake kuti, "Bambo, m'malo mogula nthochi kagulireni batire." Anandiyankha kuti, "Batire ili bwino, mayi. Ndimatsitsira inu. Woyenda pansi nayenso ali ndi maso." Kenako anayesa kunenerera mtengo wa nthochi. Analephera tsiku limenelo, analepheranso mawa lake, ndipo anakhala akulephera mpaka tinakwatirana m'chaka cha 1974.

Ndisanavomere ndinawauza zanga poyera. Geni yanga sindisiya. Denga lodontha sindigonamo. Ndipo zovala za girizi azichapa okha. Iwo anavomera zonse, n'kunena kuti nawonso ali ndi chimodzi chokha chopempha, chaching'ono, andiuza tikalowa m'nyumba. Atsikana amene muli pano, mwamuna akanena kuti chaching'ono, funsani chisanafike chikwati. Changa chinali mpando.

Anansi mukuudziwa mpando umenewu, wachitsulo, umene unkakhala pafupi ndi mpopi. Malemu sankakhulupirira kuti nyale za galimoto zaloza bwino pongoziyang'ana. Ankati nyale imene ikukukomera iwe woyendetsa ikhoza kukhala ikupha mnzako wakutsogolo, ndiye wofunika kufunsidwa ndi wakutsogoloyo. Kukayamba kuda, ankaimika galimoto pageti, pamalo osatsetsereka, n'kuika mpando kumapeto kwa bwalo. Ine ndinkakhala pamenepo. Ankati munthu wamfupi ngati ine akakhala pampando, maso ake amafanana ndi a dalaivala wa kagalimoto kakang'ono. Akayatsa nyale zotsitsa, kuwala kunkayenera kuthera pamiyendo panga, kusafike kumaso. Kukandifika kumaso ndinkakuwa kuti, "Mwandithobwa!" Iwo n'kuwerama ndi sikuludiraiva, kupotokola pang'ono, n'kufunsa, "Nanga pano, mayi a ana?" Ndikati bwino, ankatseka nyale imodzi ndi thumba, kuyesa inzake payokha, kenako zonse pamodzi. Akanyamula katundu wolemera ankayambiranso, ati kumbuyo kukatsika, kutsogolo kumadzuka, ndipo nyale zimayamba kufuna mbalame m'mitengo. Mvula, udzudzu, mphika uli pamoto, zonsezo iwo analibe nazo ntchito.

Musaganize kuti ndinkakhala ulere. Ndikakhala pampando madzulo, m'mawa katundu wanga ankafika kumsika pagalimoto, ndipo wotsitsa anali iwo omwe. Kukakhala kuti kunali mvula, ankawonjezera kutsuka mapoto. Madalaivala anzawo atayamba kubweretsa magalimoto awo kuti ayesedwe, ndinakweza mtengo, ndipo ndi mmene benchi langa la kumsika linapezera denga la malata. Inu mwaima kumbuyoko, pali ena amene munalonjeza kudzandikonzera chitseko cha khitchini. Sindikutchulani, koma chitsekocho chikadali chomwecho.

Mulungu anatipatsa ana anayi. Onse anakula akudziwa ntchito yawo yamadzulo. Woyamba, wamkaziyu, ankaima kumbuyo kwa galimoto kuona ngati nyale zofiira zikuyaka bambo ake akaponda buleki. Wachiwiri anali wa maindiketa, nyale zosonyeza kokhotera zija. Wachitatu anali wopukuta magalasi. Mzime, Masana, ndinakhala naye pampando uja ali m'mimba mpaka mwezi womaliza, ndipo bambo ake pambuyo pake ankati mwina ndi pomwe anakondera kuwala kopitirira muyeso.

Malemu anayendetsa malole a zipangizo zomangira nyumba kwa zaka zambiri, kenako basi ya maulendo ataliatali, n'kumalizira pagalimoto yogawa buledi m'masitolo. Konseko sanagundepo munthu, ngakhale mbuzi. Amene anaphunzira kwa iwo akudziwa nyimbo yawo. Nyale uziyatsa dzuwa likangoyamba kufiira, usadikire mdima, chifukwa suyatsira kuti uone wekha ayi, koma kuti enanso akuone. Ukakhala pambuyo pa mnzako tsitsa, chifukwa kuwala kwako kumamubaya kudzera pagalasi lake loonera kumbuyo. Wanjinga mutsitsire, woyenda pansi mutsitsire. M'chifunga kapena m'mvula yamphamvu usakweze, kuwala kumabwerera kwa iwe mwini ngati wayatsira khoma loyera. Usathamange kupitirira pomwe nyale zako zikufika. Mahazadi, nyale zophethira mbali zonse zija, ndi a galimoto imene yaima pamavuto, si oyendera ngati uli paukwati. Ndipo chimene ankadana nacho kwambiri ndi galimoto ya diso limodzi. Ankati wakutsogolo amayesa njinga yamoto, amakupatsa malo a njinga yamoto, kenako mumakumana. M'thumba la jekete lawo simunkasowa babu yapadera yokulunga m'pepala. Ndachapapo mababu ambiri ine osadziwa.

Kumpingo analowa ali mnyamata ndipo anatumikira monga mkulu wa mpingo mpaka mphamvu zitachepa. Kuimba sankatha, tisanamizane pamaso pa Mulungu, mpweya unkathawira pamano paja. Koma kwaya ikakhala ndi ulendo, woyendetsa anali iwo, ndipo makolo ankagona mtima uli m'malo. Pamapemphero amadzulo ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe, n'kumazungulira pamene paima magalimoto ndi kansanza, kupukuta fumbi panyale za aliyense, kutsogolo ndi kumbuyo. Mlendo wina anawayesa mlonda n'kuwaitana kuti awapatse kenakake. Iwo anamuthokoza, n'kumuuza kuti nyale yake yakumanzere yafa, ndipo sanamulole kutuluka pageti mpaka atamuikira babu ya m'thumba mwawo. Lamulungu lotsatira mlendoyo anawapeza ali kutsogolo, atavala suti, akuwerenga zolengeza.

Atapuma pantchito sanakhale pansi. Ankakonza nyale za magalimoto a anthu pabwalo pathu, ine ndili pampando ngati kale, kungoti tsopano ndi katsamiro.

Tsopano ndafika paja. Alamu, tcherani khutu.

Masana atakula anagula galimoto yakeyake, pikapu yoyera ija mwaiona, yonyamulira ndiwo zamasamba kuchokera kuminda kupita kumisika. Ndi mwana wolimbikira, zimenezo palibe angatsutse. Koma anzake anamunamiza. Anakagula chinyale chachitali ngati mpini wa khasu n'kuchimanga padenga la galimoto, chowala ngati moto wowotcherera zitsulo. Ndi pomwe panachokera dzina lakeli, ati iye akamayenda usiku kumakhala masana. Ife makolo sitinadziwe, chifukwa kwathu ankabwera dzuwa lili pamutu, chinyalecho atachiphimba ndi lona.

Loweruka lina madzulo, bambo ake anadzanditenga kumsika pa kagalimoto ka aneba athu atelala, kamene anali atangokakonza. Tili m'njira, kutsogolo kunatulukira kuwala koti sindinakuonepo chibadwire. Malemu anaphethira, wakutsogoloyo osatsitsa. Anaphethiranso, ayi ndithu. Anachepetsa liwiro, anakuwa mawu awo aja, koma msewu unali utasowa, ndipo tayala linalowa m'ngalande. Ine ndinamenyetsa chipumi pagalasi. Tomato yense amene anatsala tsiku limenelo anathera pamiyendo panga. Anthu odutsa ndi amene anatikankha.

Mawa lake titachoka kutchalitchi, Masana anabwera kudzadya nafe. Alongo ake analipo, azakhali ake awa analiponso. Ine ndinali nditamanga mpango mpaka m'nsidze kubisa chotupa. Mwana ali pakati pa kudya anayamba kudzitama. Anati, "Dzulo ndinakumana ndi kagalimoto kenakake, kaya ndi ka nkhalamba yakuti, kakungophethiraphethira ngati kali ndi tulo. Ndinangokawalitsa kamodzi, ndinakaona pagalasi kakukafuna bedi m'ngalande!" Anaseka yekha. Atakweza maso anati, "Amayi, mpangowo lero mwamanga bwanji?" Ndinauvula. Supuni inamugwa m'manja.

Pamenepo akanangopepesa, nkhani ikanathera patebulo. Koma ndi mwana wa bambo ake, ndipo mbali ina ndi mwana wanga, ndiye kuuma mutu anatengera konsekonse. Bambo ake atamuuza kuti akachotse chinyalecho nthawi yomweyo, manyazi anamusandukira mkwiyo. Anati misewu ya masiku ano ndi maenje okhaokha, aliyense akuyenda ndi nyale zoterozo, iye akatsitsa yekha ndiye afa ndi iyeyo, za mpando ndi zachikale. Mawu a mpandowo ndi amene anawabaya malemu. Anaimirira n'kunena zimene munamvazo, kuti galimoto imeneyo isadzalowenso pageti pawo, ndipo isadzawanyamule ali moyo kapena atafa. Alamu, pamenepo munamva bwino, sindikutsutsani.

Chimene simunaone ndi cha pambuyo pake. Kuyambira tsiku limenelo malemu sanagwirenso chiwongolero kukada. Ankati maso awo sakubwerera msanga akathobwa, ndipo munthu wotero asayende usiku. Ankanena modekha, koma ine ndinkadziwa kuti zikuwadya. Masana ankabwerabe, galimoto n'kuisiya kutali, pamalo omwetsera mafuta, iye n'kufika wapansi ngati mlendo. Moni wawo unali wa mawu awiri. Zinakhala choncho zaka zingapo. Ine amene ndagwetsapo mitengo ya opikulitsa katundu ouma mtima, anthu awiri a m'nyumba mwanga anandikanika. Ndikapita kwa mwana, ati ayambe ndi bambo kubweza mawu. Ndikapita kwa bambo, ati chiyambe ndi chinyale kutsika. Ndinayesa kuwamana tiyi onse awiri, anangoonda, osagonja.

Matenda anayamba chaka chatha. Miyendo inkatupa, mpweya unkachepa akayenda pang'ono, ndipo kuchipatala anati ndi mtima. Ankamwa mankhwala bwinobwino, kupatula kuti mchere ndinkachita kuwabisira. Tsiku lina madzulo, nkhuku zitangolowa, mpweya unawathina kwambiri. Kagalimoto ka atelala kanali kopanda matayala, kali pamiyala. Sindinafunse munthu. Ndinaimbira Masana, ndipo posakhalitsa anali pageti, injini ikulira.

Malemu ali pakhonde, titawagwirira ine ndi atelala, anaona galimotoyo n'kugwira chitseko cha nyumba. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, koma anamveka: "Imeneyo ayi." Mwana ali pageti misozi ili mbwee, akuti, "Bambo, tiyeni, zinazo tikakambirana." Ine pamenepo mtima unandikwera. Ndinati, "Tamverani nonse awiri, ine ndatopa. Iwe, dula nthambo ya chinthu chakocho pompano. Inu, ikaduka mukwera, ndipo sindikufuna kumvanso mawu. Amene akane, ine ndinyamula katundu wanga mawa, muziphikirana nokha." Masana sanafune n'chida chomwe. Analowa m'khitchini, anatenga mpeni wanga wodulira anyezi, anakwera padenga la galimoto n'kudula nthambo ija bambo ake akuona. Malemu anasiya chitseko.

Tinawakhazika kutsogolo, ine pakati. Munthu wodwala chonchija, ndinkayesa atseka maso. Ayi. Njira yonse anali pantchito. Galimoto ikatulukira kutsogolo, chala chinkadzuka, mwana n'kutsitsa. Titayandikira wanjinga, chala chinadzukanso. Penapake wina anatithobwa kwambiri, ndinaona dzanja la Masana likupita pokwezera, bambo ake n'kuligwira. Analibe mpweya wokuwira, ndiye anandigunda ndi chigongono. Ndinakuwa ndine. Tinafika bwino, ndipo adokotala anati tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Amene muli ndi odwala kunyumba musatengere ife, wodwala sakambitsana naye za nyale pakhonde.

Anakhala m'chipatala mpaka miyendo itaphwa, n'kutuluka. Wowabweretsa kunyumba anali Masana yemweyo, ndipo galimoto inalowa pageti koyamba chichitikireni mkangano uja. Madzulo ake malemu anati, "Mayi a ana, mpando uli kuti?" Ndinati munthu wangotuluka kumene m'chipatala, mpando wa chiyani. Anati sagona mpaka galimotoyo itayesedwa. Ndinavomera, koma ndinati iwo asadzuke pakhonde, sikuludiraiva agwire mwana, ndipo mankhwala a usiku amwe popanda kudandaula kuti akuwawa. Tinagwirizana.

Ndinakhala pampando. Masana anayatsa nyale zotsitsa, ndipo zinandimenya kumaso ngati mbama. Ngakhale popanda chinyale chija, nyale zake zinali zoloza kumwamba chifukwa cha katundu amene amanyamula. Ndinakuwa kuti, "Wandithobwa, mwana wopanda chisoni!" Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anayamba kumulangiza ali pakhonde pomwepo, potokola kumanja, pang'ono, wapitirira, bwerera. Mwana thukuta lili kamukamu, akufunsa, "Nanga pano, amayi?" Kuwala kutafika pamiyendo panga, malemu anaitana atelala kudzera pampanda, anaitananso mwana wathu woyamba amene anali m'khitchini. Anati, "Inu mukhale mboni. Mawu aja ndinanena patebulo ndawabweza. Galimoto iyi tsopano ndi galimoto. Izindinyamula kupita kuchipatala, ndipo tsiku lomaliza idzandinyamule yomweyi, ndisadzamve kuti mwakabwereka ya eni ake ya diso limodzi." Masana anagwada pakhonde n'kupepesa, kwa bambo ake ndi kwa chipumi changa. Atelala ali apo, mwana wanga woyamba ali apa. Wokayika akawafunse tikamaliza, osati panopa, ndikuwerenga.

Miyezi imene inatsatira inali yabwino kuposa zaka zambiri zam'mbuyo. Masana ankabwera madzulo alionse akaweruka, ankawatengera kuchipatala tsiku la sikelo yawo, ndipo anayamba kukokera anzake a mapikapu kuti adzayesedwe pabwalo pathu, bambo ake akulamula ali pakhonde atafunda bulangete. Awiri mwa anyamatawo anachotsa zinyale zawo, mmodzi anakana, ndipo malemu anamuuza kuti tiyi wa pakhomo pano samwa. Chinyale cha Masana sanalole kuti chitayidwe kapena kugulitsidwa kwa wina. Anauza mwanayo kuti achipachike pakhoma la nyumba, choloza pansi, chiziwalitsa bwalo. Alamu, kuwala kumene munakhala pansi pake usiku wathawu mukuimba, n'kumayamikira kuti pakhomo pano magetsi ndi abwino, ndi chinyale chomwecho.

Lachiwiri lapitali m'mawa anadzuka bwino, anamwa tiyi, anandifunsa ngati mvula ibwere. Ndinapita kukaanika zovala. Pobwera ndinawapeza atatsamira pampando wawo wa pakhonde ngati akugona, manja ali pamimba. Anatisiya mwakachetechete, kunja kukuwala, ali ndi zaka 77. Sanavutike ndipo sanavutitse munthu.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Palibe mawu a malemu amene aphwanyidwa pano. Tachita zimene anatituma. Alamu anga, ndikudziwa kuti munakwiya chifukwa chokonda mlongo wanu, ndipo kulakwa kwathu n'kwakuti sitinakutumizireni uthenga nthawi yomweyo, poti mumakhala kutali. Koma mwana uyu wanyamula bambo ake ndi chilolezo chawo, wayenda pang'onopang'ono njira yonse, ndipo chifikireni sanadye kanthu chifukwa choopa maso anu. Tikachoka pano mumupatse moni. Komanso ndikudziwitseni kuti basi imene munabwera nayo yabwerera kale, ndipo amene akakutulani kwanu madzulo ano ndi iyeyu, pagalimoto yomweyo. Mukhale kutsogolo nonse awiri. Akaiwala kutsitsa, mukudziwa chokuwa.

Malemu asiya ine mkazi wawo. Asiya ana anayi, aakazi awiri ndi aamuna awiri, onse ali pano ndipo onse akulankhulana. Asiya apongozi atatu, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi kachidzukulutudzi kamodzi kamene anakanyamulapo mwezi wathawu. Asiya alongo awo awiri, ana a alongo awo ambirimbiri, mpingo umene anautumikira, ndi madalaivala amene anawaphunzitsa, ena mwa iwo imvi zili mbuu.

A Tsitsani, bambo a ana anga, ulendo uno mwafika bwino. Ambuye amene anatibwereka inu akulandireni, ndipo ife otsala tikuti mupumule mu mtendere.